Nzeru yabwino imene abwana adaikana katatu

Nyengo ino pa Madisi sipakhala poponda. Dzuwa lisanatuluke, ngolo, njinga za kabaza ndi timalole totopa zimakhala zayamba kale kutsika kuchokera m'midzi ya kwa Chakhaza ndi kumapiri a ku Ntchisi, zitasenza soya, mtedza ndi chimanga. M'mbali mwa msewu wa M1 masikelo amangoti lendelende m'mitengo, ndipo venda aliyense amalumbira kuti yake ndiyo yachilungamo. Za masikelo tidzakambirana tsiku lina. Lero ndabwera ndi nkhani ya m'banja mwanga, koma ndikudziwa kuti ambiri a inu amene mumagwira ntchito pansi pa munthu wina muimva ngati yanu.

Loweruka la sabata yatha mwana wa mlongo wanga adandipeza pakhonde. Moni adangopereka wapakamwa, nkhope ili ndwii. Asanamwe ndi madzi omwe adati: "Amalume, ntchito ija ndikusiya."

Mtsikanayu adaphunzira za ulimi, ndipo chino ndi chaka chachiwiri akugwira ntchito pakampani ina yogula mbewu imene ili ndi depoti kuno kwathu. Dzina la kampaniyo tilisiye. Ntchito yake ndi kuona ngati mbewu zolowa m'shedi zili zabwino. Zimene adapempha kwa abwana ake si zambiri: tizipangizo tiwiri toyezera chinyezi m'mbewu, mathabwa osanjikapo matumba kuti asamagone pasimenti, ndi lamulo loti mtedza wonyowa usamagulidwe.

Adapempha katatu. Koyamba adalemba lipoti la masamba 14 m'Chingerezi, ndipo lidakagona m'dirowa. Kachiwiri adanena pamsonkhano wa Lolemba m'mawa, n'kuyankhidwa kuti "tidzaona". Kachitatu kudabwera akuluakulu ochokera kulikulu ku Lilongwe. Iye adaimika mkono n'kukhuthula zonse alendowo ali pomwepo, mpaka kunena kuti nkhaniyi adailemba kalekale koma palibe chachitika. Abwana adangomwetulira. M'mawa mwake mtsikanayo adapezeka atamusamutsira kowerenga matumba opanda kanthu.

Ndinene poyera ndisanapite patali: mwanayu akunena zoona. Mtedza ukasungidwa usanaume umachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu saoneka ndi maso, sanunkha, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuthetseratu. Amawononga chiwindi, amatha kuyambitsa khansa, ndipo madokotala amamutchula pa zinthu zimene zimapinimbiritsa ana. Dziko lidamudziwa mu 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zidafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Mu 2004 anthu 125 adafa ku Kenya, makamaka m'madera a Makueni ndi Kitui, atadya chimanga chokhala ndi poizoni yemweyu.

Mmene chuku chimalowera tonse timadziwa, kungoti sitikonda kunena. Khasu likatema makoko pokumba, mtedza ukayanikidwa padothi, ukalongedzedwa m'thumba usanaume, njira yatseguka. Ndiye palinso chizolowezi chathu chija chowaza madzi pamtedza tisanaswe, ati kuti makoko afewe ndi kuti usasweke, pamene ena mumtima akufuna kuti ulemere pasikelo. Choipitsitsa n'chakuti wonyala ndi wowola uja timasankha pogulitsa sititaya. Timausinja n'kukhala nsinjiro za m'phala la mwana.

Amene ali ndi zaka ngati zanga akukumbukira kuti m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ADMARC inkatumiza mtedza wathu wa Chalimbana mpaka ku Ulaya. Msika umenewo udafota, ndipo chuku ndi chimodzi mwa zifukwa zake. Lero mayiko a European Union salola mtedza wodya anthu ngati poizoniyu wapitirira magawo 4 pa magawo 1 biliyoni alionse. Akatswiri a ku Chitedze pamodzi ndi a bungwe la ICRISAT akhala zaka akufufuza za vutoli, ndipo alangizi amaphunzitsa kuumitsa mtedza pamilu ija amati Mandela cock. Choncho mwana wa mlongo wanga sadalote zinthuzi. Zili m'mabuku, zilinso m'shedi momwe amagwira ntchito.

Nanga ngati akunena zoona, abwanawo ndi chitsiru? Ayi. Ili ndilo funso limene achinyamata ophunzira safuna kukhala nalo pansi.

Ndidamufunsa kuti: "Kodi akuluakulu a ku Lilongwe akamaimbira foni abwana ako madzulo alionse amawafunsa chiyani?"

Adaganiza pang'ono n'kuti: "Amafunsa kuti lero tagula matani angati."

"Amafunsako za chinyezi?"

"Ayi, amalume."

Nkhani yagona pamenepo. Munthu amavina ng'oma imene ikuimbidwa. Abwanawo amayesedwa ndi kuchuluka kwa matumba, ndipo akudziwa kuti akabweza mlimi chifukwa mtedza wake sunaume, mlimiyo sabwerera nawo kumudzi kukayanika. Angowoloka msewu n'kukagulitsa kwa venda amene safunsa kanthu. Madzulo foni ikalira, abwana ndiwo ayankhe chifukwa chake matani achepa. Mtedza ukadzakanidwa kumsika wa kunja miyezi inayi kutsogoloku, mlandu udzagwera anthu ambiri, ndipo mlandu wa anthu ambiri ulibe mwini. Koma matani akachepa lero, mlandu ndi wawo okha.

Palinso ndalama. Tizipangizo totere timachokera kunja, ndipo chichokereni November 2023 pamene kwacha idagwa mphamvu ndi 44 peresenti, chilichonse chogula ndi madola chimachititsa manijala aliyense kukanda m'mutu. Mtsikanayo adabweretsa pempho lake pakati pa nyengo yogula, bajeti itatsekedwa kale, ndalama iliyonse ikuthamangira kusikelo.

Koma chachikulu chimene sadachione ndi ichi: nzeru iliyonse yatsopano pantchito ili ndi munthu amene imulanda chakudya pakamwa. Panopa matumba akapepuka m'shedi, onse amati ndi chinyezi chauma, ndipo palibe angatsutse chifukwa palibe adayeza. M'mawu amenewo mumabisala zambiri, ngakhale makilogalamu amene sadauluke ndi mphepo koma adatuluka pageti usiku. Tsiku limene kachipangizo kadzafike, kupepuka kwa chinyezi kudzawerengeka, ndipo kotsalako kudzafuna mwini wake. Sindikunena kuti pali wakuba pakampanipo, sindidaone. Ndikungonena kuti mwanayu ankaganiza kuti akulimbana ndi chuku, pamene anthu ena ankamva kuti akulimbana ndi iwo.

Izi ndikuzidziwa chifukwa inenso ndidapsa nazo. Zaka zambiri zapitazo ndidali kalaliki pa esiteti ina ya fodya cha ku Kasungu. Ndidaona kuti dizilo akutha msanga kuposa ntchito imene mathirakitala akugwira. Ndidaganiza zoti pakhale buku lolembamo malita ndi maola a thirakitala iliyonse. Nzeru yake inali yabwino, mpaka lero ndikutero. Koma ndidalemba kalata molunjika kwa mwini esiteti, kudumpha manijala, kapitawo ndi makaniko. Pasanathe sabata nkhani idali ponseponse. Madalaivala adasiya kundipatsa moni. Mayi a kunyumba akanyamula chimanga kupita kuchigayo, thirakitala inkawadutsa ngati chitsa, pamene akazi a anzanga inkawakweza. Kalata yanga idabwerera kwa manijala yemwe ndidamudumphayo kuti aionepo, ndipo adaionapo ndithu. Patapita miyezi isanu ndi umodzi manijala adalengeza kuti waganiza zoyambitsa buku la dizilo. Amene adauzidwa kuti ajambule mizere m'bukumo ndi rula ndidali ine.

Ndiye mwanayu sindidamuuze za m'buku, ndidamuuza za chipsera changa.

Ndidayamba ndi lipoti lake lija. Masamba 14 ndi a aphunzitsi a kukoleji, amene amalipidwa kuti awerenge. Manijala wa depoti m'nyengo yogula amawerenga ataimirira, foni ili kukhutu. Komanso lipotilo linkalankhula za chiwindi ndi za ku Ulaya, zinthu zoona koma zakutali ndi desiki yake. Ndidatenga pensulo n'kumuuza kuti tiwerengere limodzi pachikuto cha kope.

Tiyerekeze kuti kampani yagula thumba la makilogalamu 50 la mtedza woswa, chinyezi chili pa 12 peresenti. Mtedza wosungika bwino sufunika kupitirira 8 peresenti. M'thumba lija mtedza weniweni, kuchotsa madzi onse, ndi makilogalamu 44. Ukauma kufika pa 8 peresenti, thumbalo lidzalemera makilogalamu 47.8 basi. Ndiye kuti pathumba lililonse kampani yalipira ndalama ya mtedza pogula madzi opitirira makilogalamu awiri. Pamatumba 1,000 ndi makilogalamu pafupifupi 2,200, kapena kuti matumba oposa 40 amene adalipiridwa koma sadzaoneka. Chulukitsa ndi mtengo wa lero wa kilogalamu, kenako uike pambali pake mtengo wa tizipangizo tiwiri tija. Zonsezi zikwana patsamba limodzi, ndipo munthu wogula ndi kugulitsa azimva asanakhale ndi pansi pomwe.

Adayang'ana manambalawo nthawi yaitali. Kenako adati: "Koma amalume, nkhani yeniyeni ndi ya umoyo wa anthu."

Ndidavomera. Koma mbuzi ukafuna kuti ilowe m'khola suiuza za fisi, umaionetsa madeya. Mtedza ukagulidwa wouma chifukwa abwana akuteteza ndalama, mwana wodya chiponde watetezekanso chimodzimodzi.

Kenako ndidamufunsa amene adakambirana naye asanalembe. Palibe. Akauntanti wa padepoti, amene mwezi ndi mwezi amavutika kufotokozera kulikulu za makilogalamu osowa, adangomvera nkhaniyi pamsonkhano ngati wina aliyense. Chonsecho ameneyo ndiye akadakhala mnzake woyamba. Kumudzi kuno palibe amene amangofika pabwalo la mfumu ndi mlandu wake osadzera kwa nyakwawa. Pofika tsiku la bwalo, akuluakulu amakhala ataimva kale nkhaniyo mmodzimmodzi, ndipo mfumu siidzidzimuka pagulu. Maofesi athu, ngakhale ali ndi makompyuta, amayenda chimodzimodzi. Msonkhano ndi pomangira mfundo imene idaphikidwa kale pakhonde. Ukabweretsa chinthu chachiwisi pamsonkhano, anthu amayamba ndi kudziteteza.

Apa ndi pamene ndidamudzudzula kwenikweni, ngakhale ndimamukonda. Kuimika mkono pamaso pa alendo a ku Lilongwe n'kunena kuti "ndidalemba koma palibe chachitika" kudali kuwavula abwana pagulu. Kuyambira mphindi imeneyo nkhani idasiya kukhala ya chinyezi. Akadavomera tsiku limenelo, kukadakhala kuvomera kuti miyezi yonseyi adagona pantchito, ndipo kuti wawadzutsa ndi mwana wamkazi wa msinkhu wa mwana wawo. Si zabwino kuti tili otero, koma tili otero. Ndidamuuza kuti apite yekha kuofesi kwawo akapepese chifukwa cha malo amene adanenera, osati chifukwa cha zimene adanena. Ziwirizi ndi zosiyana, ndipo asalole kuti zisakanizidwe.

Ndidamukumbutsanso za William Kamkwamba wa ku Wimbe, kwa anansi athu a ku Kasungu. Atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, ankatola zitsulo kudzala, anthu n'kumati wapenga. Sadawagonjetse ndi mtsutso. Adamanga makina ake a mphepo ndi njinga yakale ya bambo ake, babu n'kuyaka, ndipo oseka aja adayamba kubwera kudzatchajitsa mafoni. Maso sakana msanga ngati makutu. Choncho m'malo mopempha kuti kampani yonse isinthe kagulidwe, apemphe kanthu kakang'ono kovuta kukana: matumba khumi okha mwa ogulidwa tsiku limodzi, awayeze pamaso pa akauntanti ndi kalaliki wa pasikelo, awaike chizindikiro, awasunge pakona, adzawayezenso pakatha masabata atatu. Sizifuna ndalama, sizifuna chilolezo cha ku Lilongwe. Pa chimanga palinso njira ija alangizi amaphunzitsa, yothira chimanga ndi mchere wouma m'botolo louma n'kukhutchumula: mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chimanga sichidaume.

"Nanga zikatheka," adatero, "si ndiye abwana akanena ku Lilongwe kuti nzeruyi ndi yawo?"

Mwina adzatero, ndipo zimawawa. Ine ndidajambula mizere m'buku la dizilo mtima ukuwira. Koma ndidamuuza kuti asankhe chimene akufuna choyamba, dzina kapena kachipangizo. Abwana akaona kuti nzeruyo iwakometsa kulikulu, adzaikankha okha ndi mphamvu zimene mtsikanayo alibe. Iye asunge kope ya chilichonse chimene walemba, yokhala ndi deti. Ndiponso akuluakulu aja adamuona kale ataimika mkono. Tsiku limene pepala lidzafike padesiki pawo, adzakumbukira kumene adaimva koyamba nkhaniyi.

Pano wina anena kuti mkuluyu akuphunzitsa ana kunyengerera ndi kugwada. Ayi, kudekha kuli ndi malire ake. Pa 28 January 1986 chombo cha mumlengalenga cha dziko la America chotchedwa Challenger chidaphulika patangotha masekondi 73 chinyamukireni, ndipo anthu onse asanu ndi awiri amene adali m'menemo adafa. Usiku woti mawa chinyamuka, mainjiniya a kampani ya Morton Thiokol adachenjeza kuti kukuzizira kwambiri, ndipo timphira totsekera molumikizira maroketi sitigwira bwino. Mmodzi mwa iwo, Roger Boisjoly, adali atalemba kale chenjezo lake mu July 1985. Akuluakulu adakambirana okha, mkulu wa mainjiniya adauzidwa kuti aganize ngati manijala osati ngati injiniya, ndipo adavomereza kuti chombo chinyamuke. Pofufuza ngoziyo, zolembalemba za mainjiniya aja ndi zimene zidaonetsa kuti chenjezo lidaperekedwa.

Ndiye ndidamuuza mwanayu kuti pa kugula tizipangizo ndi mathabwa adekhe, adzere kwa nyakwawa, alole dzina lipite kwa ena. Koma tsiku limene adzamupatse pepala loti asayine kuti mtedza wachuku ndi wabwino, upite kukapangidwa chiponde kapena phala la ana, asasayine. Alembe chifukwa chake m'mawu ochepa, mwaulemu, aike deti, asunge kope yake. Ngati ntchito ithere pamenepo, ithe. Koma kuisiya lero chifukwa cha mkwiyo ndi kungosiyira shedi yonse anthu amene sakuona vuto.

Inu mabwana amene mukuwerenga tsamba lino, musaganize kuti ndakuiwalani. Mumalemba ntchito munthu wophunzira, n'kumamulipira mwezi ndi mwezi kuti aone zimene inu simungaone, ndiye akaona mukumutumiza kowerenga matumba opanda kanthu. Ndalama yanu yomwe mukuitaya. Ngati simungathe kugula chimene wapempha, muuzeni kuti bajeti idatsekedwa, abwere nacho mwezi wakuti. Ngati mukuopa kuti alimi athawira kwa mavenda, nenani, mwina ali ndi yankho, monga kuyala malona padepoti kuti mlimi aumitse pomwepo tsiku limodzi, kapena kuwonjezera pang'ono mtengo wa mtedza wouma bwino. Mawu oti "tidzaona" ndiwo amawononga antchito abwino. Amayamba ndi kukwiya, kenako amangokhala chete n'kumadikira tsiku la malipiro, ndipo inu mumati pantchito pali mtendere. Akale adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mwana amene wangochoka kukolejiyo ndi mlendo wanu, ngakhale kayankhulidwe kake kakukuyabwani.

Ndipo inu a kumalikulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre, malinga ngati funso lanu la madzulo lili la matani okha, musadzadabwe ndi zimene zidzatuluke m'mashedi anu.

Lachitatu lapitali mtsikana uja adandiimbira foni. Ntchito sadasiye. Adapita kwa akauntanti ndi tsamba limodzi lija, ndipo akauntantiyo akuti adatenga kakyuleta yake n'kuwerengera kawiri, kenako adati apite limodzi kwa abwana. Kupepesa adapepesa. Abwana sadanene zambiri, adangoti: "Yesani matumba anu khumiwo, koma musandichedwetsere mzere." Matumbawo adawayeza, adawapaka penti yofiira, ali pakona ya shedi, ndipo adzawayezanso pakatha masabata atatu. Iye akadali kowerenga matumba opanda kanthu. Akuti kalaliki wa pasikelo wamufunsa kale kawiri kuti kiyi wa mbali imene kuli matumba ofiirawo azisunga ndani.